Giyabokosi ya Datsun 1200 yanga ikulira, ndithandizeni

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Datsun 1200 ya 1978 yomwe anandisiyira malemu bambo anga, ndipo sindikufuna kuti ifere m'manja mwanga. Giyabokosi yake yayamba kulira ngati chigayo. Ikakhala pa nyutulo injini ikulira, phokoso limamveka, koma ndikaponda kilatchi limaleka. Pamsewu limakula pa giya yachiwiri ndi yachitatu, ndikaika yachinayi limachepa kwambiri.

Dzulo ndinakhetsa oyilo wa m'giyabokosi. Anali wakuda bii, ndipo pa bawuti yokhetsera panali tizitsulo tonyezimira ngati mchenga. Makaniko wina akuti ndi ma bearing a layshaft (chitsulo chozungulira cha m'giyabokosi chomwe pamakhala magiya), wina akuti ndingogula giyabokosi ina.

Inu amene munaphwasulapo yotereyi, kodi kusintha ma bearing okha kungakwane? Nanga ndiziyendabe nayo pang'onopang'ono kapena ndiyiimike kaye?