Khosi lopangiratu pa gitala yoyamba: ndigule kapena ndiseme ndekha?

Chikondi M.: Akuluakulu, ndikufuna kupanga gitala yamagetsi yoyamba, ya maonekedwe a Telecaster ya kampani ya Fender. Thabwa la mbawa la thupi lilipo, louma, lokhuthala 45 mm. Zida zomwe zilipo ndi pulena, matchizulo, sowo, drilo yamagetsi ndi tupa ziwiri. Mutu waima pa khosi. Kodi ndigule lopangiratu, lokhala kale ndi mafreti (timawaya topingasa pa khosi podinapo nsambo) ndi truss rod (chitsulo cha m'kati chowongolera khosi), kapena kumeneko n'kutaya ndalama? Ena akuti ukagula khosi ndiye kuti sunapange gitala, wangolumikiza.

aPhiri a ku Ndirande: Gulani achimwene. Pa thupi mukaphonya ndi 2 mm palibe angadziwe. Pa khosi khutu limagwira wakuba. Sikelo (utali wa mbali yolira ya nsambo) ya Fender ndi mainchesi 25.5, ndiye kuti 647.7 mm kuchokera pa nut (potsamira nsambo kumutu) kukafika pa bridge (potsamira nsambo pa thupi). Kuti mupeze freti yoyamba mumagawa 647.7 ndi 17.817, imagwera pa 36.35 mm. Mukachotsa pamenepo n'kugawanso chotsalacho, yachiwiri imagwera pa 70.7 mm kuchokera pa nut, ya 12 pa 323.85 mm, pakati penipeni. Pofika freti ya 21 mpata wake wachepa mpaka 11.5 mm basi. Pamenepo mukasempha ndi 1 mm, noti imeneyo idzalira mosiyana ndi zinzake moyo wonse wa gitalayo, ndipo kuchuna sikungakonze.

Komanso timipata tolowa mafreti timafuna sowo yake yodula 0.58 mm. Sowo yodulira zitsulo imadula pafupifupi 1 mm, freti imangolowa n'kumagwedera ngati dzino la mwana.

Zoti sunapange gitalazo zisakuopseni. Leo Fender, woyambitsa kampani ya Fender, anapanga khosi lomangira ndi masikuluu anayi dala, kuti likawonongeka ulimasule n'kuikapo lina.

Bambo Zimba, kalipentala: aPhiri, masamu anuwo ndi oona, koma mwabisa mbali ina. Khosi logula silifika lokonzeka. Makamaka otchipawa, amabwera mafreti ena atatukuka, m'mbali mukucheka chala, nut yapulasitiki ili m'mwamba moti chord ya F imapweteka. Ndiye munthu agulabe tupa yozunguliza mafreti, tupa za nut ndi chitsulo chowongoka chosalazira. Ntchito imene mukumuthawitsayo ikumudikira kutsogolo. Makosi abwino a makampani monga Warmoth kapena Allparts amagulidwa ndi madola, kuwonjezera yotumizira ndi msonkho wolowera. Kusonkhanitsa zonsezo, mtengo wake ungathe kuyandikira wa gitala yathunthu yogwiritsidwapo kale ntchito.

Ndipo mtengo umapuma. Khosi lochokera kumalo a chinyontho likakumana ndi dzuwa la Okutobala kuno, thabwa limafota m'lifupi koma chitsulo sichifota, nsonga za mafreti zimatulukira m'mbali. Thabwa lomwe lakhala zaka m'shedi kwanu konko linazolowera kale mphepo ya kwanuko.

Nabanda: Nonse awiri mukuyankhula ngati njira zilipo ziwiri zokha. Chovuta pa khosi si kusema, n'kudula timipata ta mafreti. Ndiye gulani chovutacho chokha: thabwa la mafreti lodulidwa kale timipata, la sikelo ya 25.5, lokhala kale ndi radius (kukhota kwa pamwamba pake) ya mainchesi 9.5 kapena 12. A kampani ya StewMac ndi ena ambiri amagulitsa. Onjezerani truss rod yopinda mbali zonse ziwiri, ndi waya wa mafreti wokwana 1.8 m, umakwanira khosi limodzi n'kutsalako. Katundu ameneyu ndi wopepuka, wachibale wochokera ku Joni atha kumuika m'chikwama cha m'manja.

Khosi lenilenilo semani ndi mbawa yomweyo, achimwene. Mbawa ndi mtundu wa mahogany, ndipo mahogany ndi umene Gibson imapangira makosi ambiri. Dulani chidutswa cha 700 mm m'litali, 95 mm m'lifupi, 20 mm kukhuthala. Yang'anani kumapeto kwa thabwa: mizere ya mtengo iime chilili, isagone. Ngati yagona, ng'ambani timatabwa titatu, tembenuzani kapakati, mumate ndi guluu wa matabwa. Kamodzi kakafuna kupotokera kumanja, kanzake kamakakoka.

Ngalande ya truss rod muikumbe poyamba penipeni, m'mbali mwa thabwa mukadali mowongoka, chifukwa mukayamba mwasema mulibenso poyezera. Zambiri zimafuna ngalande ya 6 mm m'lifupi ndi 9 kapena 10 mm kuya, koma yezani yanuyo, musadalire nambala yanga. Ilowe yothina. Ikakhala ndi mpata imalira m'kati mukamaimba, ndipo mudzasaka phokosolo pa bridge mpaka kutopa.

Chikondi M.: Zikomo achemwali. Koma rauta, makina okumbira ngalande pa thabwa, palibe. Ngalandeyo ingatheke ndi tchizulo?

Bambo Zimba, kalipentala: Imatheka bwinobwino mwanawe. Jambulani mizere iwiri ndi geji, muicheke ndi mpeni wakuthwa kuti mtengo usang'ambike kupitirira mzere. Kulungani tepi pa biti ya 5 mm pa kuya komwe mukufuna, boolani mabowo ondondozana, kenako yeretsani ndi tchizulo ya 6 mm. Ndi ntchito ya masana amodzi. Rauta ikaphonya imadya 5 mm musanaphethire, tchizulo imakupatsani nthawi yoganiza.

Ndipo amene akufuna rauta asaitanitse ya ku America ya 120 V. Magetsi athu ndi 230 V, idzangofuka utsi.

aPhiri a ku Ndirande: Bambo Zimba, inu dzanja linazolowera, mnyamatayu n'koyamba. Tiyeni tiwerenge pamene oyamba amagwera pa njira ya achemwaliyi. Khosi pa freti yoyamba limakhala lokhuthala pafupifupi 21 mm. Chotsanipo 6 mm ya thabwa la mafreti ndi 9.5 mm ya ngalande, kumbuyo kwatsala 5.5 mm yokha. Munthu akutengeka ndi kusema, akufuna khosi lopyapyala lokoma m'manja, angoona kachitsulo kakusuzumira. Pamenepo khosi latha, ndipo thabwa la mafreti logula lija lamatidwa kale pamwamba pake. Kumbuyo kwa truss rod kusachepere 3 mm, chifukwa nsambo za saizi ya 10-46 zimakoka ndi mphamvu yokwana pafupifupi 45 kg usana ndi usiku.

Pomata paliponso msampha. Guluu ndi woterera, mukamanga makalampu thabwa la mafreti limatsetsereka ndi 1 mm kapena 2 mm inu osaona. Ndipo guluu akalowa m'ngalande amagwira truss rod, osatembenukanso.

Nabanda: Zonse ziwirizo zili ndi mankhwala ake aPhiri. Boolani tibowo tiwiri ta 1.5 mm m'kati mwa kampata ka freti yoyamba ndi ka freti ya 15, chapambali kuti musagunde truss rod. Mulowetsemo timisomali pomata, muzule guluu akauma, freti idzabisa tibowoto. Pamwamba pa ngalande matani tepi, pakani guluu, chotsani tepiyo musanaike thabwa. Posema kumbuyo yezani kukhuthala ndi vernier pa freti yoyamba ndi ya 12 pafupipafupi, mufike 21 mm ndi 23 mm, kenako musiye pakatipo, muzingozunguliza m'mbali.

Truss rod yokhayo musayese kuisiya, ngakhale wina akuuzeni kuti mtengo wake ndi wolimba ngati chitsulo. Magitala a Esquire oyambirira a Fender mu 1950 analibe truss rod, makosi anapindika, ndipo pomatuluka gitala ya Broadcaster chaka chomwecho anali ataiikamo.

Mphunzitsi Gama: Pali njira ina yomwe simunaitchule. M'matchalitchi ndi m'mabandi muli magitala ambiri akufa, thupi losweka kapena mawaya oola, koma khosi lili bwino. Eni ake amagulitsa motchipa chifukwa kwa iwo ndi nkhuni. Khosi lotere lakhala likukokedwa ndi nsambo kwa zaka, ngati linali loti lipotoke likanapotoka kale. Limabweranso ndi makiyi ochunira, nut, mbale yachitsulo ya kumbuyo ndi masikuluu ake.

Musanapereke ndalama, liyang'aneni kuchokera kumutu ngati mukulozetsa mfuti. Kupinda pang'ono n'kwabwino, truss rod imawongola. Kupotoka, mbali ya nsambo yaikulu kukwera ina kutsika, kulibe mankhwala, lisiyeni. Tengani allen key, ambiri a ku Asia amalowa 4 mm, mutembenuze kotala kupita kumanja n'kubwezanso. Ikakana kuyenda kapena ikamangozungulira yopanda mphamvu, bwezani katundu. Onani mafreti atatu oyamba pansi pa nsambo za G ndi B, ngati pali makwawa akuya ndiye kuti mukugula ntchito yosintha mafreti.

Kenako rula. Kuchokera pa nut kufika pa freti ya 12 mukapeza 324 mm ndi sikelo ya Fender. Mukapeza 314 mm ndi ya Gibson ya mainchesi 24.75, ndipo bridge yanu iyenera kusendera kufupi, pulani ya Telecaster yomwe mwasindikiza sigwiranso.

Bambo Zimba, kalipentala: Apa aphunzitsi ndagwirizana nanu theka. Kwa munthu wa thumba lochepa, khosi lakale likuposa latsopano lotchipa lomwe sungaligwire usanalipire. Koma ndikanenabe kuti wofuna kudziwa ntchito asemeko limodzi, ngakhale la paini wa ku Chikangawa longoyesera, lopanda mafreti. Paini ndi wofewa, sangakhale khosi lenileni, koma amaphunzitsa dzanja pamtengo wochepa.

aPhiri a ku Ndirande: Kaya lakale kaya latsopano, lamulo n'limodzi: khosi lifike kaye m'manja, dzenje lake pa thupi likumbidwe pambuyo. Mapulani amati dzenjelo ndi 55.6 mm m'lifupi, 76 mm m'litali, 16 mm kuya, koma makosi ogula amasiyana ndi theka la milimita kapena kuposa. Tsinde la khosi la Telecaster ndi lamakona, la Stratocaster ndi lozungulira. Jambulani dzenje potsata khosi lomwe muli nalo. Lilowe mokankha ndi dzanja, osati ndi hamala.

Bridge musaiboolere khosi lisanakhale. Ligwireni ndi kalampu, mangani twaini pa makiyi a nsambo ziwiri za E, mukoke mpaka kumunsi kwa thupi, musendeze khosi mpaka mpata wa m'mbali ufanane uku ndi uku. Mukatero yezani 647.7 mm kuchokera pa nut, pamenepo ndi pomwe saddle (kachitsulo kosendezeka ka pa bridge kotsamirapo nsambo) ya E yaing'ono ikhale itasendezedwa chakutsogolo. Nsambo zonse zimafuna kubwerera m'mbuyo pochuna, yaing'ono 1 kapena 2 mm, yaikulu mpaka 4 kapena 5 mm. Oyamba ambiri amaika bridge masaddle ali pakati kapena kumbuyo, kenako sikuluu imatha noti ya pa freti ya 12 ikadali pamwamba.

Nabanda: Ndiwonjezere za masikuluu, chifukwa makosi ambiri atsopano amabwera opanda mabowo. Pa thupi boolani 4.5 mm kuti sikuluu idutse momasuka, pa khosi 3 mm. Mukaboola 3 mm monsemo, sikuluu imaluma thupi n'kulephera kukoka khosi, pansi pamatsala mpata. Masikuluu ake ndi a 45 mm. Thupi lanu la 45 mm kuchotsa dzenje la 16 mm kwatsala 29 mm, kuwonjezera mbale, ndiye sikuluu ilowa m'khosi 14 kapena 15 mm, zili bwino. Koma mukapala thupilo mpaka 40 mm pofuna kupeputsa mbawa, sikuluu yomweyo ifika pansi penipeni pa thabwa la mafreti ndipo itha kuling'amba. Pakani sopo kapena kandulo pa mano ake, maple, mtengo wolimba wa makosi ambiri ogula, amathyola sikuluu youma.

Chikondi M.: Ndamva. Ndiyamba kufunafuna lakale monga anenera aphunzitsi, likasowa ndiitanitsa latsopano. Lachiwiri ndidzasema. Ndikamaitanitsa ndifunse chiyani kwa wogulitsa?

Mphunzitsi Gama: Sikelo, m'lifupi mwa tsinde, maonekedwe a tsinde, ndi kukula kwa mabowo a makiyi. Makiyi amakono amalowa bowo la 10 mm, akale aja a mtundu wa Kluson amafuna laling'ono, pafupifupi 8.7 mm. Bowo laling'ono mutha kulikulitsa ndi reamer (chokulitsira mabowo), osati ndi drilo, drilo imang'amba nkhope ya mutu. Funsaninso ngati ndi la mafreti 21 kapena 22. La 22 thabwa lake limapitirira tsinde n'kulendewera pamwamba pa pickguard (pulasitiki ya pankhope pa thupi), ndiye dzenje likazama kwambiri limakanikiza pulasitikiyo khosi lisanakhale pansi. Truss rod ikhale yotembenuzira kumutu, chifukwa yotembenuzira kutsinde imafuna kumasula khosi nthawi iliyonse.

Bambo Zimba, kalipentala: Likafika musathamangire kulikhudza ndi tupa. Lichotseni m'pulasitiki, mulipachike m'chipinda milungu iwiri kapena itatu lizolowere. Kenako liwongoleni ndi truss rod lopanda nsambo, pakani inki ya maka pamwamba pa mafreti onse, mudutsitse chitsulo chowongoka chomatidwa sandipepa wa 320 mpaka inki itachoka paliponse. Pomwe inki yatsala ndiye freti yotsika. Zungulizani ndi tupa yake kusiya kamzere kopyapyala pakati, musalaze ndi sandipepa kuyambira wa 400 mpaka wa 2000. Mukamanga nsambo, ikani capo (chopanira nsambo) pa freti yoyamba, dinani yomaliza, pa freti ya 8 pakhale mpata wa 0.25 mm. Ndipo aPhiri awerengere tupa imeneyo pamtengo wa khosi lawo logulalo, sibwera yaulere.