Mpanda wa saipuresi ukufiira: kodi ndi matenda kapena tizilombo?

Wofunsa wa ku Chelstone:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pakhomo panga kuno ku Lusaka pali mpanda wa mitengo ya saipuresi, ndipo kuyambira mwezi wa Ogasiti masamba a nthambi zam'munsi ndi zam'kati akhala akuchita chikasu kenaka n'kufiira, pamene nsonga zidakali zobiriwira. Ena akuti ndigule mankhwala a matenda a fangasi (matenda a nkhungu), ena akuti ndi tizilombo. Ndingasiyanitse bwanji ndisanataye ndalama?

Wofesa mbande wa ku Chilanga:
Bambo, musagule kanthu musanafufuze m'kati mwa mpandawo. Yalani pepala loyera pansi pa nthambi yomwe yangoyamba kuchita chikasu, osati youmiratu, ndipo muigwedeze mwamphamvu. Pakagwa tizilombo tabulauni toyenda, ndiye kuti ndi nsabwe za saipuresi, zomwe zidaoneka koyamba mu Africa ku Malawi m'chaka cha 1986, n'kuwononga saipuresi ndi mkungudza wa ku Mulanje zisanafalikire m'maiko oyandikana nawo. Nsabwezi zimayamwa madzi pa khungwa la tinthambi ndipo zimachuluka m'nyengo youma. Zimasiya timadzi tomata tomwe nyerere zimakonda, ndipo pa timadzito pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa akaona zakudazo amathamangira mankhwala a fangasi, chonsecho nkhunguyo ili pamwamba chabe ndipo siimene ikuumitsa mtengo. Dziwaninso kuti masamba amafiira mochedwa, nthawi zina nsabwezo zitachepa kale, choncho nyerere, kumata ndi mwayewo ndi umboni wofunika.

Mayi wa ku Kabulonga:
Ndikugwirizana nawo, koma yang'ananinso thunthu ndi nthambi zikuluzikulu. Matenda a zilonda za khungwa amaoneka mosiyana kwambiri: nthambi imodzi imauma yonse mpaka kunsonga pamene zinzake zili bwino, ndipo mukaitsatira mupeza malo olowa m'kati, ong'ambika, otuluka utomoni wambiri. Mukapala pang'ono ndi mpeni, mkati mumakhala moderapo m'malo moyera. Nthambi yotero iduleni m'munsi mwa chilondacho ndi kuitentha, ndipo chodulira muchipukute ndi spiriti musanakhudze mtengo wina, pakuti kupopera sikubweza khungwa lomwe lafa.

Wofesa mbande wa ku Chilanga:
Zoona, amayi. Ndionjezere za mizu. Mtengo wonse ukafota nthawi imodzi, fukulani patsinde ndi kusenda khungwa pang'ono. Zoyera zoyalana ngati pepala ndiponso fungo la bowa zimasonyeza kuola kwa mizu, pamene dothi lomatidwa pa thunthu ndi ntchito ya chiswe. Zikakuvutanibe, bambo, tengani nthambi yokhala ndi mbali yamoyo ndi yodwala, muiike m'pepala, mupite nayo kwa akatswiri a zomera ku malo ofufuzira za ulimi a Mount Makulu kuno ku Chilanga.

Wofunsa wa ku Chelstone:
Zikomo kwambiri nonse. Ndagwedeza nthambi monga munanenera, ndipo nsabwe zagwa zambiri, nyerere nazo zili pa thunthu, koma chilonda chotuluka utomoni sindinachipeze. Tsopano ndikufuna kudziwa ngati nthambi zofiirazo zingaphukirenso mvula ikayamba mu Novembala, kapena ndiyenera kuzidula.