Za impso yanga ija: opaleshoni ya loboti inatheka

Paja ndinafunsa ngati opaleshoni ya loboti ingathandize pa nutcracker syndrome, vuto lomwe mtsempha wotulutsa magazi mu impso yakumanzere umapanikizika pakati pa aorta (mtsempha waukulu wochokera kumtima) ndi mtsempha wopita kumatumbo. Zikomo kwambiri nonse munandiyankha aja.

Opaleshoniyo anandichita. Dokotala ankayendetsa mikono ya makina a da Vinci kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba. Anadula mtsempha wa impso uja pamene umalowera mu vena cava (mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima) n'kuusokerera m'munsi pang'ono, pomwe palibe choufinya. Zosamutsa impso yonse kupita m'chiuno anati tidzaziganizire pokhapokha izi zikakanika, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Mkodzo wamagazi uja wasiya, ululu wa m'mbali ukuchepa. Kunyamula zolemera sanandilolebe. Kwatsala sikani yoona mmene magazi akuyendera mumtsemphamo.