Mathiraki atisowetsa tulo ku Joni, nyumbayi tigule kapena tiisiye?

Membala wobisa dzina
Admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali achibale. Tili ku Joni, mbali ya Germiston, nyumba yake yoyang'anana ndi msewu wa N3. Masana ndimapirira, koma ikangokwana 3 koloko m'bandakucha mathiraki ochokera ku Durban amayamba kubangula, mawindo kuchita kunjenjemera, mwana n'kudzuka kulira mpaka kucha. Bambo a kunyumba amangoti ndizolowera, poti iwo akagona agona. Alamu anga omwe anati akhala sabata ziwiri adakali pompano, amagona pabalaza TV ili chiyakire, ndiye kunja phokoso, m'nyumba phokoso. Ejenti wogulitsa nyumbayi naye chitengereni mapepala foni sakuyankha. Makatani olemera ndinagula, palibe chasintha. Wina kuntchito akuti ndimate mathireyi a mazira kukhoma. Ndalamazi tasonkha movutikira, abale akudikira fizi, ine BP yakwera. Kodi phokosoli lingathe? Nyumba yotere ukagula umadzatha kuigulitsa? Kapena tingofuna puloti timange? Onyoza dutsani.

Madala wa Njerwa
Mpanda, mayi. MPANDA. Zinazo n'kutaya ndalama. Mangani wa njerwa ziwiri, wokhuthala mamilimita 220, pulasitala mbali zonse, popanda kabowo ngakhale kamodzi. Lamulo lake ndi limodzi: mukaima pawindo musaone matayala a thiraki. Mpanda ukangotchinga maso kuti asaone galimoto, phokoso limatsika ndi madesibelo 5 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo mita iliyonse yomwe mwawonjezera pamwamba pake imachotsanso pafupifupi 1.5. Usathere pakona, upinde kulowa m'mbali, apo ayi phokoso lingozungulira. Geti likhale lachitsulo chatunthu lofika pansi, osati la mipiringidzo. Musanamizidwe ndi masilabu a konkire olowetsa m'mizati aja, pakati pa silabu ndi silabu pamatsala mpata. Ukapitirira mamita 1.8 pitani ndi pulani ku khonsolo ya Ekurhuleni, yomwe imayang'anira Germiston, mukapanda kutero adzakugwetsetsani.

Zagalasi
Madala, mwafunsa kuti chipinda chogona chili pati? Khoma la njerwa la nyumba limatchinga kale madesibelo oposa 45. Pofooka ndi pawindo. Nyumba zakale za ku Joni zili ndi mafelemu achitsulo, galasi la mamilimita 3 lomata ndi pate, popanda mphira. Achemwali, chitani izi musanagule kanthu. Tsekerani pepala pawindo n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, pamenepo mpweya ukudutsa, ndipo podutsa mpweya phokoso limadutsanso. Mpata wongokwana gawo limodzi pa magawo 100 a windo umachititsa kuti windo lonselo lisatchinge zoposa madesibelo 20, galasi likhale lokhuthala bwanji. Choncho yambani ndi mphira womata wa EPDM kuzungulira potseka, kokotani pate wong'aluka muike watsopano, silikoni pomwe felemu lakumana ndi khoma, ndipo zogwirira zomwe zakhwepa zimangidwe kuti windo lizikanikiza mphirayo.

Ankolo Phwete
Yambani mwachotsa alamuwo, madesibelo 10 apita ulele 😂

Mayi a Maluwa
Dzalani mitengo yowirira ndi nsungwi kutsogoloko mwana wanga, zimathandiza komanso fumbi limachepa.

Madala wa Njerwa
Mitengo ayi amayi, ndi ulemu wonse. Mzere umodzi wa mitengo umangobisa msewu, khutu limamvabe. Kuti mitengo ichotse madesibelo 5 pafunika nkhalango yothithikana yokwana mamita 30. Ali nayo yadi yotero ku Germiston? Mathireyi a mazira nawo ndi bodza lakalekale, amangochepetsa kulira kwa mawu m'chipinda momwemo, kuwonjezera apo sachedwa kugwira moto. Chotchinga phokoso ndi kulemera. Chinthu chikalemera kawiri chimatchinga madesibelo ena 5 kapena 6. Katani imalemera bwanji? Njerwa imalemera bwanji? Nkhani yatha.

Zamapepala
Aliyense akuthamangira simenti, koma ine ndaima pa mawu akuti ejenti anatenga mapepala. Mapepala anji, achemwali? Ngati ndi Offer to Purchase ndipo mwini nyumba wasainanso, umenewo ndi mgwirizano wogula wathunthu, si fomu yofunsira. Ku South Africa malo amagulitsidwa polemba ndi kusaina basi, malinga ndi Alienation of Land Act ya 1981. Masiku 5 osinthira maganizo omwe anthu amakamba aja amagwira pa nyumba yosapitirira R250,000 yokha. Dipoziti isapite m'manja mwa ejenti kapena ku akaunti ya munthu, ipite ku trust account (akaunti yapadera yosungira ndalama za makasitomala) ya loya wosintha umwini kapena ya kampani ya ejentiyo. Funsani Fidelity Fund Certificate yake ya nthawi ino, chiphaso chomulola kugwira ntchito ya uejenti, mutha kutsimikiza ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba. Kuyambira pa 1 February 2022 ejenti amayenera kukupatsani fomu yomwe mwini nyumba walembapo zolakwika zomwe akuzidziwa. Koma phokoso la N3 simungadzadandaule nalo kuti anakubisirani, msewu munauona ndi maso.

Kwanu Nkwanu
Ndiye mukalowe ngongole ya zaka 20 m'dziko la eni, permit yake ya zaka zowerengeka? Ikakanidwa pokonzanso nyumbayo mudzainyamula pamutu? Anthu inu simumva. Mangani kwanu.

Zamapepala
Achimwene, funso silinali limenelo. Mlendo amaloledwa kugula nyumba ku South Africa ndipo dzina lake limalembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo, ngati wina aliyense. Permit ikatha umwini sutha, atha kuika munthu wa lendi kapena kugulitsa. Chovuta ndi ngongole: yemwe sakhala m'dzikomo banki imamubwereka theka la mtengo basi, yemwe ali ndi permit ya ntchito zimatengera banki yake. Kugula nyumba sikupatsa munthu chilolezo chokhala, zimenezo zokha ndiye mwalondola.

Kwanu Nkwanu
Sindinanene zimenezo koma chabwino.

Fundi wa Madenga
Onse aiwala kumwamba. Ngati denga ndi la malata a IBR kapena matailosi, pansi pake siling'i ya bodi yopyapyala ya mamilimita 6.4, phokoso limalowera pamenepo ngakhale windo mutalikonza. Yalani ubweya wagalasi wa mamilimita 135 pamwamba pa siling'i osasiya malo, kenako onjezani bodi ina ya 12.5 pansi, mizere yolumikizira isagwere pamodzi ndi yakale. Onaninso tinjerwa tamabowo tolowetsa mpweya tomwe timakhala m'mwamba mwa khoma. Ta kumbali ya msewu mutha kutseka, koma pokhapokha mpweya uli ndi polowera pena. Ndipo ngati m'nyengo yozizira mumayatsa hita ya gasi kapena mbaula, musayerekeze kutseka chipinda chonse. Utsi wake sununkha, anthu amangogona osadzukanso.

Achimwene a ku Kempton
Ingoikani double glazing basi, za mphira ndi zachikale.

Zagalasi
Apa ndiye pomwe anthu amatayira ndalama. Double glazing wamba, windo la magalasi awiri a mamilimita 4 okhala ndi mpata wa mamilimita 12 pakati, anaipangira kuzizira. Magalasi awiri ofanana okhala ndi kampata kakang'ono amanjenjemera limodzi pa mawu okhuthala a m'ma 250 Hz (muyezo wa kukhuthala kapena kupyapyala kwa mawu), momwe muli kubangula kwa injini ya thiraki, moti pamenepo amatha kugonja kwa galasi limodzi lokhuthala. Chomwe chimagwira ntchito ndi windo lachiwiri mkati, lakale lija osalichotsa. Mpata pakati pawo ukhale mamilimita 100 mpaka 150, galasi latsopano likhale laminated (magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati) la mamilimita 6.38 kapena kuposa, losiyana makulidwe ndi lakunja, felemu la aluminiyamu la mphira kuzungulira. Lotsegula ndi mahinjesi limatseka bwino kuposa lotsetsereka. Lamkati likhale lothina kuposa lakunja, mukasemphanitsa nthunzi ya m'chipinda imalowa pakati n'kuchita thukuta pagalasi. Pogula musafunse Rw yokha (nambala yosonyeza phokoso lomwe windo limatchinga), funsani Rw + Ctr, nambala imeneyo ndiyo ya phokoso la pamsewu. Galasi limalemera makilo 2.5 pa sikweya mita pa milimita iliyonse, ndiye masikuluwu alowe mu njerwa, osati mu pulasitala.

Madala wa Njerwa
Ndiye azikhala otsekeredwa chaka chonse? December akafika atsegula windo, ndalama zonse zija zapita. Mpanda umagwira ntchito windo lili lotsegula. Umatetezanso mbava. Galasi lanulo limaletsa mbava?

Zagalasi
Amatsegula la kuseri kwa msewu, madala. Ndipo laminated ndi lovuta kuboola kuposa galasi wamba, mukudziwa bwino.

Sisi wa Manambala
Musanakangane yezani. Ikani app yoyeza phokoso pafoni, si yolondola kwenikweni koma kusiyana imaonetsa. Yezani pa pilo nthawi yomwe mathiraki amavuta, windo lotseka, kenako lotsegula, kenako chipinda cha kuseri. Ngati kutseka windo kukusintha pang'ono, vuto ndi mipata. A WHO amati m'chipinda chogona musapitirire madesibelo 30 usiku, ndipo mu 2018 anati phokoso la pamsewu kunja usiku likhale pansi pa 45. Kutsika ndi 3 khutu silizindikira kwenikweni, kutsika ndi 10 kumamveka ngati latsika ndi theka. Mwina mungopeza kuti kusamutsa bedi la mwana kupita chipinda cha kuseri kwathetsa zambiri.

Bwana Kontirakita
Za puloti zija palibe wayankha. Musagule puloti kwa "komiti" ya pamalo popanda title deed (chikalata cha umwini), ndipo nyumba za RDP, zomwe boma limapereka kwa osauka, lamulo limaletsa kugulitsa zaka 8 zoyamba. Puloti yeniyeni imafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe, womanga wolembetsedwa ku NHBRC, bungwe loyang'anira omanga nyumba, ndipo nyumbayo ilembetsedwe masiku 15 ntchito isanayambe. Mukatero muli ndi chitetezo cha miyezi 3 pa zolakwika zazing'ono, chaka chimodzi denga likadontha, zaka 5 pa maziko ndi makoma. Mbali zina za Ekurhuleni, monga Katlehong ndi Vosloorus, pansi pake ndi dolomite, mwala womwe umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi, nthaka imatha kutitimira, ndiye lipoti la nthaka lisadumphidwe. Banki nayo sipereka ndalama zonse kamodzi, imalipira gawo lomwe lamangidwa ikabwera kudzaona, kutanthauza kuti lendi mukulipirabe uku mukumanga. Ubwino wake umodzi: zipinda zogona mumaziika kuseri, bafa, khitchini ndi galaja kumsewu.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. Pepani sindinafotokoze, ndi fulati, nyumba yosanja, ife tili pamwamba penipeni pachitatu, yadi tilibe. Tikuchita lendi, ndiye mwini wake akugulitsa R780,000. Tinasaina Lachisanu lapitali, iyenso anasaina, banki sinayankhe. Alamu anga ndi omwe anati tisaine msanga ena angatilande.

Ankolo Phwete
Madala amange mpanda wa mamita 10 😂😂 Alamu aja ndinanena ine.

Zamapepala
Zimenezi zikanakhala mzere woyamba, achemwali. Tsegulani pepalalo mupeze ndime ya bond, ngongole ya nyumba ya ku banki. Nthawi zambiri imati kugula kudzachitika banki ikavomera ndalama zakuti pofika tsiku lakuti. Banki ikakana kapena tsikulo likadutsa, mgwirizano umafa wokha ndipo dipoziti imabwerera. Koma musachite dala kubisa mapepala kuti banki ikane, khoti limatha kuona ngati ndimeyo yakwaniritsidwa, mwini nyumba n'kukusumirani, ejenti n'kufuna komishoni yake. Ngati mukufuna kutuluka, pitani kwa loya wanu sabata ino, osati wa ogulitsa.

Ngati mukupitiriza: pa R780,000 palibe transfer duty, msonkho wa boma wogulira nyumba, chifukwa kuyambira pa 1 April 2025 msonkhowu umayambira pamwamba pa R1,210,000. Koma loya wosintha umwini ndi wolembetsa bond mulipira inu, ndipo zonse zimatenga pafupifupi miyezi 3. Fulati ndi sectional title, kutanthauza kuti mwanu ndi mkati mokha, kunja kwa khoma ndi denga ndi za body corporate, gulu la eni mafulati onse a pamalopo. Windo lakunja simusintha popanda kalata ya matrustee oyendetsa gululo, koma lamkati lija a Zagalasi anena lili mbali yanu, ngakhale ndi bwino kuwadziwitsa polemba. Pemphani malamulo a pamalopo, malipoti a ndalama, levy ya pamwezi (ndalama yosonkha yosamalira malowo), ndipo funsani ngati kukubwera special levy, chopereka chapadera chowonjezera. Akakukanizani popanda chifukwa, madandaulo amapita ku CSOS, bungwe la boma loweruza mikangano ya m'malo otere.

Zodzagulitsa: idzagulika, koma wogula adzamva zomwe mukumvazo ndipo adzatsitsa mtengo. Komishoni ya ejenti, 5 mpaka 7.5 peresenti kuphatikizapo VAT pamwamba, imachoka kwa wogulitsa, pamodzi ndi satifiketi ya magetsi ndi ziphaso zoti mulibe ngongole ku khonsolo ndi ku body corporate. Mukagulitsa patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, kawirikawiri mumatuluka ndi zochepa kuposa zomwe munalowetsa. Ngati ndalama ina inachokera kunja kwa South Africa, sungani risiti ya banki yosonyeza kuti inalowa, idzafunika potulutsa ndalama mukadzagulitsa.

Fundi wa Madenga
Pamwamba penipeni ndiye siling'i ija ikukukhudzani kwambiri. Bodi yowonjezera pansi ndi yanu, koma ubweya wa m'denga pemphani kaye, m'dengamo si mwanu.

Madala wa Njerwa
Ine ndikuti body corporate ikweze mpanda wa kumsewu, onse apindule. Kaikeni pa msonkhano wa pachaka.

Zagalasi
Apindula a pansi okha. Ali pachitatu amaona msewu wonse pamwamba pa mpanda, lamulo lanu lomwe lija la matayala likukutsutsani. Achemwali, mphira ndi silikoni ikani sabata ino poti n'zotchipa ndipo mukadali pa lendi, ingomuuzani mwini wake. Windo lachiwiri dikirani dzina lanu lituluke ku Deeds Office, ndipo muyambe ndi chipinda chogona chokha. Yezani kuya kwa pawindo kuchokera pagalasi kufika m'mphepete mwa khoma mutiuze, ngati sipakwana mamilimita 100 felemu liyenera kukhala pankhope ya khoma.

Madala wa Njerwa
Mpanda sunakhumudwitsepo munthu.

Kwanu Nkwanu
R780,000 imeneyo kwanu ndi nyumba zingati?