Nambala 9 ndimupatse ndani pa anyamata awiriwa?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa timu ya achinyamata kuno ku Lobi, ndipo Loweruka tili ndi mpira wa chikho. Malo a kutsogolo ndi amodzi, koma anyamata alipo awiri, onse olota kudzasewera mu Dedza Dynamos.

Woyamba ngwamtali, wazaka 17. Mipira yam'mwamba amaimenya ndi mutu bwino zedi, koma chigawo chachiwiri amapuma wefuwefu ngati wakwera phiri la Dedza. Mnzakeyo ngwamfupi, liwiro ngati gwape, amanzunza otchinga kumbuyo mpaka anthu kuimirira. Vuto lake ndi kudzikonda. Mnzake ali poyera, iye amangowombera yekha.

Bwalo lathu ndi lokumbikakumbika, mpira suyenda bwino pansi. Ndiyambitse wamtaliyo, waliwiroyo adzalowe otchinga atatopa? Kapena ndikumulakwira mwanayu? Inu amene munaphunzitsapo ana, mukanatani?