Thandizeni, mapeni anga a mtengo akukana

Membala wa gulu, Senga Bay:
Moni nonse, chonde ndithandizeni mutu wanga sukugwira. Ine ndimasema ziboliboli koma chaka chino ndinayamba kupanga mapeni a mtengo pa lathe (makina ozunguza mtengo posema), tizitsulo take anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Joni. Ndiye pali mayi wina wa loji anaitanitsa mapeni 12 kuti ndikapereke Loweruka likubwerali, theka la ndalama ndinalandira kale ndinalipirira fizi ya mwana. Mtengo ndinasema bwinobwino koma nditalumikiza zitsulo mapeni asanu akukana. Magetsi nawo sabata yonseyi akungothimathima, alamu anga anabwereka chobowolera changa mpaka lero ndikafunsa akuti mawa mawa, kunyumba mayi akuti bola ndalamazo ndikanagula chimanga. Ndipange bwanji abale, nditaye?

Kalipentala wa pa Kamuzu Road:
Akukana motani achimwene? Asweka, sakuzungulira, kapena inki sikutuluka? Tumizani chithunzi komanso mutiuze mtundu wa kit, ndikunena paketi ya tizitsulo ta peniyo.

Madala a Mitengo:
Funso loyamba ndi loti MTENGO WANJI. Ngati ndi phingo munautenga kuti? Anyamata inu mwamaliza phingo yense, mtengo umenewu umatenga zaka zambirimbiri kuti ukhwime, azungu amapangira zitoliro zija amati ma clarinet ndipo kuyambira 2017 uli pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza mitengo ndi nyama kuti zisathe ndi malonda, sungotuluka dziko chisawawa. Mukufuna ku nkhalango ya Thuma kutsale miyala yokha?

Mayi a mapasa:
Nkhani ya alamu yandikhudza. Ine anga anatenga makina osokera ati sabata imodzi, anabwera opanda lamba. Pitani mukatenge nokha chobowoleracho bambo, osatumiza mwana.

Wa kabaza:
Iiii peni ya mtengo imalemba bwino kuposa ya mgolosale? kkkk mumagulitsa zingati imodzi

Madala a Mitengo:
Inu a kabaza nkhani za amisiri zisiyeni. Ndipo phingo ali ndi mafuta, guluu sagwira bwino mukapanda kupukuta mkati mwa bowo ndi mankhwala ochotsa mafuta a acetone. Amaswekanso akatentha pobowola. Ine ndinkasema inu musanabadwe, mbawa ndi mlombwa zilipo zidutswa mbwee kwa akalipentala zikungosonkhezeredwa pamoto koma ayi, aliyense phingo phingo.

Mtsikana wa ku Nkhotakota:
Madala munthu wafunsa za kulumikiza osati za nkhalango. Achimwene ngati ndi kit yopyapyala ija ya slimline, ya tichubu ta 7mm tomatidwa mkati mwa mtengo, vuto nthawi zambiri limakhala kachitsulo kozungulira kamene kamatulutsa inki. Mukakalowetsa kwambiri nsonga ya inki imangokhala panja osabwerera, mukakalowetsa pang'ono inki situluka.

Madala a Mitengo:
Mwana wanga nkhalango ikatha mupanga mapeni a chiyani? A chinangwa?

Membala wa gulu, Senga Bay:
Pepani foni inathima. Eee nsonga ikungokhala panja ngakhale uzungulize bwanji, ndinakhoma ndi hamala pang'onopang'ono. Imodzi yang'aluka. Za alamu mayi mwanena zoona, ndi anthu omwewa anandidyera ndalama ya usipa chaka chatha.

Kalipentala wa pa Kamuzu Road:
Hamala?? Ayi achimwene, zimenezi amakankha ndi vaisi kapena kalampa, kuikako kathabwa kofewa mbali zonse kuti chitsulo chisakalike. Mukankha pang'ono, mulowetse inki muone yafika pati, muchotse inkiyo mukankhenso. Kuonjezera ndi kosavuta, kubweza ndiye ntchito.

Mtsikana wa ku Nkhotakota:
Kubweza kumatheka. Chotsani inki, mupeze kachitsulo kowongoka kolimba pafupifupi 3mm kokhala ndi mapeto afulati, mukalowetse kudzera mu kozungulira kaja mokhotetsa pang'ono kuti kakagunde m'mphepete mwa mutu wa nsonga, mugogode mosinthasintha mbali mpaka mutuwo utuluke. Ukatuluka tengani kumbuyo kwa drill bit ya 6mm mulowetse mbali yomweyo ya nsonga, mugogode kozungulira kaja kabwerere. Peniyo muigwire m'manja mutaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, osaimanga mu vaisi isweka. Osakoka ndi pulayazi, mukaphwanya.

Mayi a mapasa:
Koma mayi wa lojiyo muwauze chilungamo mwachangu. Ine telala wina anandinamiza diresi ya chinkhoswe mpaka tsiku lomwelo, sindidzaiwala.

Madala a Mitengo:
Mwaona yang'aluka? NDINANENA INE. Ndi phingo ameneyo, simukuyankha dala.

Kalipentala wa pa Kamuzu Road:
Madala kung'aluka sikuti ndi mtengo wokha. Guluu akatsalira mkati mwa kachubu ka brass chitsulo chimalowa mokakamiza, chubu chimafutukuka mtengo nkusweka, chimodzimodzi chikalowa chopendekera. Muzipala mkatimo ndi kampeni musanalumikize. Yong'alukayo ngati mng'alu ndi waung'ono chotsani kaye chitsulo, thirani utuchi wosalala wa mtengo womwewo ndi supa guluu, ukauma sandipepa. Waukulu musavutike nawo, semani mtengowo uchoke mupulumutse chubu.

Madala a Mitengo:
Supa guluu ndi ya ana asukulu, mmisiri weniweni amagwiritsa guluu wa epoxy. Nanga inu a Kamuzu Road mlombwa wa zitseko zanu mumagula ndi mapepala?

Wa kabaza:
Sipoko ya njinga siingagwire pogogodapo? Ndili nazo zambiri, ndikhoza kubweretsa ku Senga Bay mungolipira ulendo

Mtsikana wa ku Nkhotakota:
Sipoko ndi yopyapyala imapindika, koma mukaidula ifupike itha kuthandiza. Achimwene mwa asanuwo yambani ndi yong'aluka ija kuti dzanja lizolowere, ndipo dziwani kuti kozungulira kena kakhoza kuonongeka pobweza. Muli ndi ma kit otsala? Ndipo simunatiuzebe ngati ndi slimline.