Ndiyambire pati kumvetsera sonata za vayolini ndi piyano za m'ma 1920?

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Akuluakulu, ndakhala ndikumvetsera sonata (nyimbo ya zida zokha, ya magawo angapo) yoyamba ya vayolini ndi piyano ya Bartók, wopeka nyimbo wa ku Hungary, ya mu 1921, koma makutu anga ozolowera kwaya akusowa pogwira, popeza zida ziwirizi zikumveka ngati sizikumvana. Kodi ndiyambire pati?

Mayi a ku Bembeke:
Aphunzitsi, kusamvanako Bartók anachita dala. Kwa Beethoven, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, vayolini ndi piyano zimalandizana nyimbo imodzi, pomwe kwa Bartók chida chilichonse chimayenda ndi nyimbo yake. Yambirani gawo lachitatu, limene muli magule a kumudzi a mtundu womwe iye ankakajambula ku Hungary ndi Romania. Pamenepo vayolini imakanda ngati kaligo, ndipo phazi limayamba lokha kuponda.

Bambo a ku Lobi:
Mayi, pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono. Munthu woyamba kumene atenge sonata ya Debussy, wopeka nyimbo wa ku France, ya mu 1917, yomwe anailemba akudwala khansa, n'kumwalira chaka chotsatira. Ndi yaifupi, ndipo ngakhale nyimbo yake imadukaduka, khutu silitayika. Akatero apite ku sonata ya Ravel, nayenso wa ku France, yomwe inatha mu 1927, makamaka gawo lachiwiri lotchedwa Blues, pamene woimba amayamba ndi kukoka zingwe ndi zala, osagwiritsa uta. Bartók adzabwere pambuyo.

Mayi a ku Bembeke:
Ndavomera, bambo. Koma aphunzitsi asamvetsere pa sipika ya foni, chifukwa imameza mawu otsika a piyano.